Nyimbo Imene Imabadwira Pakati pa Oimba

Nyimbo ya Clapping Music ndinaidziwa mochedwa, nditaimba kale besi mu kwaya ya kutchalitchi kwathu kwa zaka zambiri. Anaipeka ndi Steve Reich wa ku New York m'chaka cha 1972, ndipo siifuna chida chilichonse. Anthu awiri amaima n'kumawomba m'manja, basi. Kawombedwe kake n'kamodzi kokha: kuwomba katatu, kupuma, kawiri, kupuma, kamodzi, kupuma, kawiri, kupuma. Mukawerenga bwino mupeza malo 12, asanu ndi atatu owomba ndi anayi opuma. Munthu woyamba amangobwereza zomwezo mpaka nyimbo itatha. Wachiwiri amayambira limodzi ndi mnzakeyo, koma pakapita kanthawi amasuntha ndi malo amodzi, kenako amodzi enanso, mpaka atasuntha ka 12 n'kukumananso ndi mnzake uja pomwe anayambira.

Tsiku lina titaweruka ku kwaya, ine ndi mnzanga woimba naye besi tinakhala pakhonde n'kuiyesa. Ine ndinatenga mbali yosasintha poganiza kuti ndiyo yosavuta. Mnzangayo atangosuntha koyamba, manja anga anamutsatira okha. Tinayambiranso, zomwezo. Chimene chinkandigwetsa ndi chimene kwaya inandiphunzitsa: kuti kumvera mnzako ndiko kufanana naye, kuyamba limodzi, kupuma limodzi, kutseka mawu limodzi. Apa panafunika zina. Ndimumve mnzanga bwinobwino, kuwomba kwake kulikonse, koma ndisamutsate. Ndikatseka makutu kuti asandisokoneze, tinkasiyana liwiro. Ndikamumvera kwambiri, ankandikoka.

Dzuwa litapendeka tinakwanitsa kusuntha katatu osagwa, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala. Panamveka kagundidwe kachitatu, kothamanga, kovinitsa, kamene sindinkawomba ine ndiponso sankawomba iye. Kankatuluka pakati pathu. Nthawi yomweyo maganizo anandifikitsa kuseri kwa nyumba ya agogo, kumene amayi ndi azakhali ankasinja chimanga mu mtondo umodzi ndi minsi iwiri. Uwu ukatsika, winawo uli m'mwamba. Palibe ankawerenga, palibe ankapereka chizindikiro, koma minsi sinkagundana, ndipo munthu ukakhala patali unkamva ngati ng'oma ya munthu mmodzi wa manja othamanga.

Ndisanafike pakhonde lija, nyimbo za classical zamakono ndinkaziona ngati phokoso la anthu ophunzira a ku Ulaya. Za Handel ndinkazikonda, chifukwa kwaya zambiri zimaimbako mbali zina za Messiah, ndipo ukamva kamodzi umapita kunyumba ukung'ung'udza. Koma zopekedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, za anthu monga Pierre Boulez ndi Karlheinz Stockhausen, amene ankakumana pa maphunziro a nyimbo a ku Darmstadt omwe anayamba mu 1946, kapena zoimbidwa ku chikondwerero cha ku Donaueschingen chomwe chakhalapo kuyambira 1921, sindinkapezamo pogwira. Ndinkadikira kuti patuluke mzere umodzi woti n'kuuimba ndi pakamwa, ndipo ukapanda kutuluka ndinkati nyimboyo ndi yopanda mutu. Zina mwa nyimbozo zimandilemera mpaka lero, ndipo sindikuona chifukwa chobisira. Koma ndinazindikira kuti vuto lalikulu linali pa chimene ndinkasaka. Ndinkafunafuna mtsogoleri wa nyimbo pamalo pamene nyimbo yake inagona m'kulumikizana kwa mbali zonse. Chodabwitsa n'chakuti khutu lomwelo likamva ng'oma za gule wamkulu silifunsa kuti mzere woimba uli pati. Limadziwa kuti mpanje uli ndi njira yake, mbalule ili ndi yake, manja a azimayi ali ndi yawo, ndipo gule ali pamene zonsezi zakumana. Khutu limenelo ndinali nalo chibadwire, koma ndikalowa m'tchalitchi kapena ndikamva vayolini ndinkalisiya panja.

Nditayamba kufufuza kuti Reich anazitenga kuti zimenezi, njira inandibweza kufupi ndi kwathu kuposa mmene ndinkaganizira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 iye anawerenga buku la Studies in African Music, lomwe linatuluka mu 1959. Analemba ndi A. M. Jones, m'busa wa mpingo wa Anglican yemwe anakhala zaka zoposa 20 ku Northern Rhodesia, komwe ndi Zambia lero, akuyang'anira sukulu ya St Mark's ku Mapanza. Kumeneko ndiko kumene khutu la Jones linatsegukira, pomvetsera ng'oma ndi kuwomba m'manja kwa mitundu monga Abemba ndi Alala. Anaona kuti ng'oma zoimbira gule mmodzi sizigunda mwamphamvu pamalo amodzi, iliyonse ili ndi poyambira pake, ndipo zimenezi si kulakwitsa koma ndiye luso lake. Mbali yaikulu ya bukulo ndi nyimbo za Aewe a ku Ghana, zomwe anazilemba m'manotsi mothandizidwa ndi katswiri wa ng'oma Desmond Tay. Mu 1970 Reich anapita yekha ku Ghana, ku yunivesite ya ku Legon, kukaphunzira kwa katswiri wina wa ng'oma, Gideon Alorwoyie. Anakhalako masabata asanu okha, malungo n'kumubweza. Chaka chotsatira anatulutsa Drumming, nyimbo yotenga pafupifupi ola lathunthu kapena kuposerapo, yomangidwa pa kagundidwe kamodzi kokha, koyambira pa ng'oma zazing'ono za bongo, kupita pa marimba atatu, kenako pa tizitsulo tolira mokwera, n'kudzamaliza zonse pamodzi ndi mawu a azimayi ndi chitoliro.

Reich sanakopere nyimbo za Aewe. Amene amadziwa ng'oma za ku Ghana sangamve Drumming n'kunena kuti ndi yakwawo. Chimene ulendowo unamuchitira ndi kumulimbitsa mtima kuti zida zomenya ndi kubwerezabwereza zikhoza kunyamula nyimbo yaitali yozama, pa nthawi imene ambiri mwa anzake ankakhulupirira kuti kubwereza ndi kusowa nzeru.

Nkhani ya György Ligeti inandikhudza mwa njira ina. Iyeyu anabadwa mu 1923 m'banja la Chiyuda lolankhula Chihangare. Bambo ake ndi mng'ono wake anafera m'misasa ya chipani cha Nazi, ndipo iye anathawa ku Hungary mu 1956. Ambiri anamva nyimbo zake osadziwa, mu filimu ya 2001: A Space Odyssey ya mu 1968. Atatsala pang'ono kukwana zaka 60, ali wotchuka kale, wophunzira wake Roberto Sierra anamumvetsera nyimbo za malipenga a Abanda Linda a ku Central African Republic, zojambulidwa ndi Simha Arom. M'gulu limenelo munthu aliyense ali ndi lipenga lotulutsa liwu limodzi, ndipo amaliza pa nthawi yake yokha. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse m'manja. Ligeti anayamba kuwerenga zolemba za Arom ndi za Gerhard Kubik, ndipo mu 1985 anatulutsa gawo loyamba la nyimbo zake za piyano zotchedwa Études, zomwe zinadzakwana 18 pofika 2001. Mu yoyamba, Désordre, dzanja lamanja limaimba pa makiyi oyera okha, lamanzere pa akuda okha, ndipo manjawo amayambira limodzi kenako n'kumatalikirana pang'onopang'ono. Munthu mmodzi amasanduka anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Ndikamvera Pierre-Laurent Aimard, woimba piyano wa ku France yemwe anagwira ntchito ndi Ligeti mwiniwake, ndimamva mizere ya nyimbo ikutumphuka pamwamba pa liwirolo, mizere imene chala chilichonse pachokha sichinaiimbe.

Dzina la Kubik ndi limene linandiimitsa. Mkulu ameneyu, wa ku Vienna, anaphunzira kuimba amadinda, chida cha mitengo yomenya, ku Uganda kwa Evaristo Muyinda, ndipo ndi iye amene anafotokoza momveka bwino mmene oimba awiri okhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata ya mnzake, amabalira nyimbo zomwe khutu limamva koma palibe akuziimba. Kubik yemweyo anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967, nakhala mnzawo wa banja la ku Singano ku Chileka kwa zaka zambirimbiri, akuimba nawo kwela komanso kufufuza nyimbo pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi. Ndipo kaimbidwe ka anthu awiri oyang'anizana aja sitichita kukafuna ku Uganda. Mangolongondo a Ayao amaimbidwa chomwecho, mitengo itayalidwa pa thunthu la nthochi, ana akuingira mbalame ndi anyani kumunda. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi masewera chabe. Koma Ligeti, munthu wa zaka pafupifupi 60, wolemekezeka m'nyumba zonse za nyimbo ku Ulaya, anaona nzeru ya mtundu womwewo kukhala yoyenera kuiphunzira mofatsa kwa zaka.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa nkhani iyi mwambiwo umandisautsa, chifukwa kalumoko kanasulidwa konkuno, mlendo anangokanola n'kubwera nako m'chikwama chokongola. Sindikumudandaula mlendoyo. Ndikudandaula kuti ine ndinayamba kukalemekeza nditakaona m'manja mwake.

Pali nyimbo imodzi imene imasonkhanitsa zonsezi, zokoma ndi zowawa zomwe. Kevin Volans anabadwira ku Pietermaritzburg ku South Africa mu 1949, napita ku Cologne kukaphunzira kwa Stockhausen. Ali komweko anayamba kubwerera kwawo kukajambula mawu ndi nyimbo, ndipo mu 1982 anapeka White Man Sleeps. Poyamba inali ya zida ziwiri za harpsichord zotchunidwa mosiyana ndi piyano, chida chakale cha nsambo chotchedwa viola da gamba, ndi zomenya. Kenako anaikonzanso kuti iimbidwe ndi Kronos Quartet, gulu la ku America la anthu anayi oimba zida za nsambo. Mwa nyimbo zimene anatengamo muli gule wa nyanga wa Anyungwe a ku Tete, anansi athu enieni, amene chilankhulo chawo Mchewa amatolamo mawu ambiri. Andrew Tracey anali atalemba za guleyu mu 1971. Ovina amazungulira bwalo, aliyense ali ndi zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, akuliza, akuimba ndi pakamwa m'mipata ya kulizako, miyendo ili ndi maseche ikuponda njira yakeyake. Malinga ndi kufotokoza kwa Volans, dzina la nyimbo yakeyo likuchokera pa kanthawi kena m'guleyu pamene ovina amaleka kuliza zitoliro n'kungotsala maseche okha, kuti mzungu mwini malo agone.

Mu 1992 Kronos anaika nyimboyi pa chimbale cha Pieces of Africa, pamodzi ndi za opeka ena a mu Africa monga Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, Justinian Tamusuza wa ku Uganda, Hamza El Din wa ku Nubia, Obo Addy wa ku Ghana ndi Foday Musa Suso wa ku Gambia. Chimbalecho chinafika pa nambala wani pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo za classical. White Man Sleeps ndimaikonda, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Volans anaipeka pa nthawi ya tsankho la apartheid, pamene boma linkaphunzitsa kuti za azungu ndi za anthu akuda sizingakhale m'nyumba imodzi, ndipo iye anazikhazika pa mphasa imodzi. Kusandutsa mpweya wa zitoliro ndi mapazi a khamu la anthu kuti zikwane pa zida zinayi za nsambo ndi ntchito yeniyeni, si kuba. Komabe nyimboyo ikamaimbidwa ku London kapena ku New York, papepala la pulogalamu pamakhala dzina la munthu mmodzi ndi chaka chake chobadwa, ndipo ndalama za umwini zimalondola dzina limenelo. Ovina a ku Tete akatchulidwa, amatchulidwa ndi dzina la mtundu wawo. Koma mtundu suliza chitoliro. Analiza ndi munthu, wa dzina lake ndi mfunda wake, amene anaphunzira kwa wina, ndipo mwina anasintha kenakake kamene anzake anakakonda n'kukasunga.

Apa ndi pomwe nyimbo zamakonozi zinandiphunzitsa chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Mphamvu ya mwambo wa classical sili m'mavayolini. Ili m'chizolowezi chosunga: kulemba nyimbo, kulemba dzina la woipeka, chaka, amene anaiimba koyamba ndi malo ake. N'chifukwa chake ndikutha kukuuzani kuti Drumming inamveka koyamba ku New York mu Disembala 1971. Ili ndiponso m'chizolowezi choitanitsa nyimbo zatsopano ndi kulipira wozipeka. Kronos, gulu lomwe David Harrington anayambitsa mu 1973, lapeketsa nyimbo zoposa 1,000. Zikondwerero monga Warsaw Autumn, chomwe chinayamba mu 1956, ndi cha ku Huddersfield ku England, chomwe chinayamba mu 1978, ntchito yake yaikulu ndi yomweyo: kupereka bwalo kwa nyimbo imene sinamvekepo, ngakhale omvera ena atuluke asanaikonde. Ife kupeka timapeka kwambiri. Kwaya iliyonse ya kumudzi ili ndi munthu wake wopeka, ndipo nyimbo yatsopano imatha kuyenda kuchoka ku Nsanje kukafika ku Karonga m'miyezi yochepa. Koma ikamafika kumeneko dzina la mwini wake limakhala litagwera m'njira. Ineyo ndaimba nyimbo zambirimbiri zotere osafunsa n'komwe kuti anapeka ndani.

Njira ina yochitira zinthu ilipo, ndipo inaonekera ku South Africa komweko. Michael Blake, yemwe anayambitsa chikondwerero cha New Music Indaba ku Grahamstown, komwe tsopano ndi Makhanda, anakonza ntchito yotchedwa The Bow Project. Opeka nyimbo osiyanasiyana anapatsidwa nyimbo za mayi mmodzi, Nofinishi Dywili wa ku Ngqoko, katswiri wa uhadi, uta wa nsambo imodzi wokhala ndi chikho. Aliyense anafunika kuimvetsera nyimbo ya mayiyu, kuilemba, kenako kupeka yake ya zida zinayi za nsambo poyankha. Pa zoimbaimba, nyimbo ya uhadi inkamveka pambali pa yatsopanoyo. Dzina la mayi Dywili linali pamwamba pa ntchito yonse. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira mkangala, uta umene atsikana ndi azimayi a kwathu ankaliza ndi pakamwa ali okha, komanso bangwe, kaligo ndi ulimba wa ku Chigwa cha Shire. Hugh Tracey anajambula zina mwa nyimbo zotere ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda komweko.

Sindikufunanso kuti wina amve ngati Africa ndi chitsime chongotungako ena. Akin Euba wa ku Nigeria, yemwe anamwalira mu 2020, anatha moyo wake akuonetsa kuti piyano ikhoza kuyankhula ngati ng'oma za kwawo. Joshua Uzoigwe, wa maganizo omwewo, anapeka Talking Drums. Tamusuza amachititsa vayolini kulira ngati zida za Abaganda. Mzilikazi Khumalo anapeka opera ya Chizulu ya Princess Magogo yomwe inaonetsedwa koyamba ku Durban mu 2002, ndipo Bongani Ndodana-Breen anapeka ya Winnie yomwe inaonetsedwa ku Pretoria mu 2011. Mu 2023 chikondwerero cha World New Music Days, cha bungwe la International Society for Contemporary Music, chinachitikira ku South Africa, koyamba pa nthaka ya Africa patatha zaka 100 chiyambire. Zaka 100 ndi zambiri, makamaka tikaganiza kuti nzeru za ng'oma za kuno zinali zitalowa kale m'nyumba za nyimbo za ku Ulaya ndi America kwa theka la nthawi imeneyo.

Ine ndi mnzanga uja tinadzaimaliza Clapping Music patapita masabata angapo. Pamene manja athu anakumananso pa kusuntha komaliza, tinakhala chete kwa kanthawi. Kuyambira pamenepo ngakhale mu kwaya ndimaimba mosiyana. Besi sindiyesanso mtolo wonyamulira ena, ndimamvetsera chimene chikubadwa pakati pa mawu anga ndi a azimayi akutsogolo. Ndipo nyimbo yachilendo ikandikanika, ya Boulez kapena ya wachinyamata amene sindinamumvepo, ndimaipatsa kachiwiri ndi kachitatu ndisanaiweruze, monga mmene tinachitira pakhonde paja.

Mitondo ikutha, chifukwa chigayo chafika pafupifupi paliponse, ndipo palibe mayi amene angalire kuti ntchito yosinja yachepa. Koma anthu odziwa kuimba bangwe, mangolongondo ndi mkangala akalipo, ambiri ndi okalamba. Inu amene muli ndi foni yojambula mawu, mukapita kumudzi mukakhale nawo pansi. Musanayambe kujambula, afunseni dzina lawo lonse, mudzi wawo, amene anawaphunzitsa, ndi amene anapeka nyimboyo ngati akumudziwa. Muwapemphe chilolezo, mulembe tsiku, ndipo muwasiyire kope lawo. Inunso aphunzitsi a kwaya, pamwamba pa nyimbo iliyonse imene mukuphunzitsa lembanipo dzina la amene anaipeka.